Odwala a m'Jumbo ya Geresomo

Esinala Fanizo anakhala pa benchi ya pakhonde la chipatala kuyambira seveni koloko, foni ili m'manja, kudikira kuti ajambule mzere wa odwala. Mzerewo sumabwera. Dzuwa la February linakwera mpaka malata anayamba kuthetheka, koma pabenchipo panali anthu anayi okha, onse a midzi ya kumtunda komweko.

"A Lloyd," anaitana akusuzumira pakhomo, "kodi tsiku la odwala matenda a maganizo si lero?"

"Ndi lero, Madamu," anayankha Lloyd Mailosi, namwino amene ankaona odwalawo, maso ali m'kaundula. "Akubwera. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Esinala anabwerera pabenchi. Kudekha ankakudziwa bwino. Anali ataphunzitsa ku yunivesite ku Blantyre zaka khumi ndi chimodzi osakwezedwa, mpaka ana amene iye anawaphunzitsa kafukufuku anayamba kumudutsa pa makwerero, akumuweramira mwaulemu uku akudutsa. Tsopano nthawi yake inali itayandikira. Kwa zaka zinayi anafufuza mmene zipatala zing'onozing'ono za ku Chikwawa ndi ku Nsanje zimasamalira odwala matenda a maganizo, ndipo anapeza chinthu chimene chinadabwitsa ngakhale akuluakulu. Kulikonse, madzi akasefukira, odwala ankasowa m'kaundula miyezi itatu kapena inayi. Pa chipatala ichi chokha, odwala makumi awiri ndi atatu a m'midzi ya m'madambo, cha ku Makhanga, sankajomba ngakhale mwezi umodzi.

Pepala la kafukufuku wakeyo linali litavomerezedwa ndi magazini ya akatswiri ya kunja. Pakutha pa masabata atatu anayenera kukaliwerenga ku Lilongwe pamaso pa akuluakulu a zaumoyo, amene ankafuna kuti zipatala zina zitengerepo chitsanzo. Komiti yokweza aphunzitsi nayo inkadikira pepala lomwelo. Chimene chinatsala chinali chithunzi basi, cha anthu amene awoloka madzi kudzaonana ndi namwino wawo.

Cha m'ma teni, bambo wina wamtali anatulukira kunjira ya kudoko, thalauza atapinda mpaka m'mawondo, matope atauma m'miyendo. Paphewa anasenza nkhafi ya mwadiya, bwato lake la mtengo umodzi, ndipo m'khosi anakoleka jumbo ya buluu yomangidwa bwino ndi mphira.

"Aja ndinkanena aja ndi awa," anatero Lloyd akumwetulira. "A Geresomo, mwachedwa lero. Ng'ona zinatseka msewu?"

"Nkhabe, adokotala, si ng'ona, ndi namasupuni. Wadzadza njira yonse, mwadiya umachita kukwawa."

Geresomo anapereka moni kwa Esinala, chipewa atagwira pachifuwa. Kenako analowa, namasula jumbo ija, nakhuthulira patebulo timabuku ta kuchipatala. Esinala anatembenukira kunjira kuja kuti aone amene akubwera m'mbuyo mwake. Kunali mbuzi ziwiri.

Lloyd anatenga kabuku koyamba. "A Simoni ali bwanji?"

"Ali bwino. Ndawasiya akuluka mono."

Lloyd anachonga m'kaundula, naika mapiritsi m'kapepala, nalembapo dzina. "A Zikani?"

"Ali bwino, kungoti tulo akuti n'tochepa."

"Nanga akazi anu, mayi Glory?"

"Amake Chance ali bwino kwabasi. Afatsa, sakusokosanso. Takhuta, adokotala, mwatithandiza."

Lloyd anachonganso. Esinala anaima pakhomo, nasuzumira m'kaundulamo. Mzere umene Lloyd ankachongamo unali ndi mutu woti "wabwera". Mzere umenewo ndi umene ophunzira ake ankakopera chaka ndi chaka, ndipo pepala lake lonse linatsamira pomwepo. Iye mwini ankafika kuno m'chilimwe, nthawi ya tchuthi, madambo atauma, odwala akubwera okha pa njinga ndi wapansi.

"A Lloyd, eni timabukuti ali kuti?"

"Kwawo, Madamu."

"Ndiye mukuchonga kuti abwera?"

Lloyd anaika cholembera pansi. "Fomuyi ili ndi mizere iwiri yokha, 'wabwera' ndi 'wajomba'. Ndikachonga 'wajomba', mankhwala satuluka. Inu mukanachonga pati?"

"Zinayamba liti zimenezi?"

"Chitangotha chaka cha madzi aakulu chija. Disembala mpaka Epulo, chaka chilichonse. Ine ndimayesa mukudziwa. Ophunzira anu sanafunsepo, ndipo inu munangondiyamikira kuti kaundula wathu ndi waukhondo."

Esinala anakumbukira kuti mawu amenewo anawanenadi, ndipo manyazi anamugwira. Akanakhala mlendo wochokera kumapiri, bola. Koma iye anabadwira kwa Mbenje, mwana wa msodzi, ndipo ankadziwa kuti palibe munthu amakweza wodwala wosokonezeka mu bwato la mtengo umodzi mwezi wa February. Funso linali lapafupi, loti kodi anthuwa amawoloka bwanji. Manambala atamukomera, sanafune kuwavutitsa ndi mafunso. Amati safunsa anadya phula, ndipo iye analidya ndi madigiri ake onse.

"Bambo Geresomo," anatero, "mu mwadiya mwanumo muli malo a munthu mmodzi?"

Geresomo anayang'ana nsapato za Esinala, naseka. "Malo alipo, mayi. Koma ndi nsapato zimenezo?"

Esinala anazivula pomwepo, namuyankha m'Chisena kuti anaphunzira kukapa madzi m'bwato asanaphunzire kulemba dzina lake.

"Pyadidi! Kodi ndinu wathu? Tiyeni, mukapa ndinu."

Ulendo unali wa maola awiri. Anadutsa pamwamba pa minda ya anthu, ngayaye za chimanga zikusuzumira m'madzi, kenako analowa m'kanjira ka pakati pa bango. Geresomo ankapalasa akulankhula, osatembenuka.

"Chaka chijachi amake Chance anatha miyezi itatu opanda mankhwala. Anayamba kumva anthu akuwaitana kuchokera m'madzi, ndipo tsiku lina tinawavuula madzi ali m'khosi. Ndinawamangirira ku mtengo wa masawu ndi chingwe cha ukonde, ineyo mwamuna wawo. Mpaka lero mtengo umenewo sindiudya zipatso zake. Madzi atangophwa ndinapita kwa a Lloyd, ndikuti, adokotala, chaka chamawa ndizibwera ine ndi kabuku. Anakana kawiri, kachitatu anavomera. Anzanga atamva, aliyense anabweretsa kake."

"Amakupatsani chiyani?"

"Wina nyika zokumba m'dambo, wina mapira a m'mbale. Wina amangoti takhuta, n'zokwana."

Mudzi unali pa kachitunda, madzi atauzinga mbali zonse. Geresomo anayenda khomo ndi khomo kugawa timapepala ta mapiritsi, Esinala ali pambuyo. A Simoni anawapezadi akuluka mono, ndipo anamufunsa nkhani za ku Blantyre. A Zikani anadandaula za tulo, koma anali atasamba, akukonza denga la khola. Mtima wa Esinala unayamba kutsika. Mwina nkhaniyi sinali yoipa monga ankaopera, popeza mankhwala ankafika ndipo anthu anali pa ntchito zawo.

Khomo lomaliza linali la Geresomo mwini. Glory, mkazi wake, anali atakhala pa mphasa, atatsamira khoma. Khosi linali litapindikira kumanzere, louma ngati chikuni. Manja anali pa miyendo, akunjenjemera osaleka, ndipo malovu anali atanyowetsa bulauzi pachifuwa. Nkhope sinkasuntha, koma maso anali amoyo, ndipo anamutsatira Esinala mpaka anakhala pansi.

Esinala asanakhale mphunzitsi anagwirapo unamwino zaka zisanu ndi chimodzi mu wodi ya odwala maganizo, choncho sanafunike kuuzidwa. Awa sanali matenda. Anali mankhwala amene anachulukira thupi. Kukonza kwake sikunali kovuta, kuchepetsa mlingo kapena kuwonjezera kapiritsi kena kofewetsa minofu, bola wina wodziwa amuone munthuyo ndi maso. Anatsegula kabuku ka Glory napeza kuti Lloyd anakweza mlingo kumapeto kwa Novembala, pamene Glory ankasowa tulo. Patangopita masiku ochepa madzi anatseka njira.

"Bambo Geresomo, zimenezi zinayamba liti?"

"Cha ku Khirisimasi."

"Bwanji simunawauze a Lloyd?"

Geresomo anadabwa ndi funsolo, ndipo kudabwa kwake kunalibe chinyengo. "Ndikawauze chiyani, mayi? Kale ankathamangira m'madzi, pano akhala pansi. Si kuchira kumeneko?"

Glory anayesa kulankhula. Lilime linkalemera, mawu ankatuluka limodzilimodzi, ndipo Esinala anasendera pafupi.

"Mwachokera kuchipatala?"

"Ee, mayi."

"Kabuku kanga n'kamwayi. Kamaonana ndi adokotala mwezi uliwonse. Mwini wake ayi."

Anafuna kuseka nthabwala yakeyo, koma nkhope inamukaniza. Geresomo anayang'ana pansi, nayamba kufukula dothi ndi chala cha kuphazi. Esinala anamva chisoni, ndipo pansi pa chisonicho panali mkwiyo wodzikwiyira yekha. M'pepala lake mayi ameneyu anali mmodzi wa odwala olandira chithandizo chapamwamba m'chigwa chonse.

Anabwerera kuchipatala dzuwa litapendeka. Lloyd anamvetsera osamudula, ndipo Esinala atafika pa khosi ndi manja, namwinoyo anagwira kumutu.

"Miyezi iwiri ali chomwecho? Ine ndikumangotumiza mlingo womwewo?" Anatseka kaundula. "Akuluakulu sananame, kandimverere anakanena za m'maluwa. Mawa ndipita. Pano ndisiya azamba ayang'anire."

"Zikomo."

"Koma Madamu, ndikupempheni chinthu chimodzi. Za jumbozi musakazinene ku Lilongwe. Malamulo salola kupereka mankhwala amenewa wodwala osamuona. Akamva, ine andiitanitsa ku boma, jumbo ayiletsa, ndipo anthu makumi awiri ndi atatu abwerera ku zingwe. Boti la injini ndakhala ndikupempha zaka zitatu, makalata ali m'kabatimu. Woona odwala maganizo ndili ndekha pano. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, mungaswe ndi mkhate womwe."

Esinala anatuluka, nakaima pa chulu cha kuseri kwa chipatala, pamene netiweki imagwira, naimbira Pulofesa Ernest, mkulu wa dipatimenti yake. Anawafotokozera zonse.

"Mayi Fanizo, tiyeni tisakulitse nkhani," anatero apulofesa modekha. "Mankhwala anawafika odwala kapena ayi?"

"Anawafika."

"Ndiye vuto lili pati? Wonjezerani chiganizo chimodzi chakumapeto, choti nthawi zina achibale amakatengera odwala mankhwala. Kafukufuku aliyense ali ndi chilema chake. Zimene zili m'kaundula simunapeke ndinu."

"Koma pepala likunena kuti amaonana ndi namwino mwezi uliwonse."

"Komiti ikumana mwezi wamawa. Mukaiphonya, mudikiranso zaka ziwiri, ndipo opereka ndalama za kafukufuku sakonda munthu wobweza mawu ake. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, mayi, wa pachala ngwamphepo. Ndikulankhula ngati kholo lanu."

Apulofesa sanali munthu woipa, ndipo malangizo awo anamukoka Esinala kwambiri. Kukwezedwako ankakufuna, sanadzinamize. Anali atatopa kufotokozera abale ake kwa Mbenje chifukwa chimene mwana wawo wophunzira uja amatsikabe minibasi. Chiganizo chimodzi chikanamupulumutsa iye, chikanamupulumutsa Lloyd, ndipo jumbo ikanapitiriza kuyenda. Aliyense akanagona bwino.

Chimene chinamukaniza chinali makalata a m'kabati aja. Anadziona ataima ku Lilongwe akuuza akuluakulu kuti kuli chipatala china m'chigwa chimene odwala ake sajomba ngakhale madzi asefukire. Wamkulu aliyense wanzeru akanafunsa kuti, ngati zikuyenda chonchi popanda boti, botilo n'lachiyani? Kenako akanatembenukira kwa anamwino a zipatala zina kuti, anzanu akutha, inu chikukuvutani n'chiyani? Ndipo anamwinowo, posowa pogwira, akanaphunzira kuchonga. Iye analowa ntchito imeneyi kuti adziwe ngati odwala akusamalidwa bwino, koma pepala lake likanathandiza kuti asaonedwenso n'komwe.

M'mawa mwake anakweranso pa chulu paja. Analembera a magazini kuti asalisindikize pepalalo, chifukwa mlembi wapeza kuti anamvetsa molakwika zimene kaundula amanena. Kalatayo inali ya mizere isanu, koma chala chinakana kudina kwa nthawi yaitali. Atadina, anaimbira apulofesa.

"Ndalibweza. Ku Lilongwe ndipitabe ngati andilola, koma ndikanena zimene ndaona."

"Mwaganiza bwino?"

"Sindikudziwa ngati ndaganiza bwino, Pulofesa. Koma ndaganiza."

Apulofesa anapuma mozama. "Dzina lanu ndilichotsa pa mndandanda wa komiti. Pepani, mayi."

Kudoko anapeza Geresomo akukapa madzi m'bwato, ndipo Lloyd atakhala pa chitsa, chikwama cha mankhwala chili pa miyendo. Esinala sanazungulire, anamuuza zimene wachita.

"Dzina la chipatala sinditchula, lanunso ayi. Ndikayamba ndi kulakwa kwanga. Ndikanena kuti jumbo yapulumutsa anthu, isaletsedwe mpaka boti litabwera, koma kuti jumbo ilibe maso."

Lloyd anaseka kuseka kowawa. "Chipatala cha odwala makumi awiri ndi atatu a m'madambo chilipo chimodzi, Madamu. Adzandidziwa asanamalize tiyi. Olemba ndinu, koma owerenga ndi ena, ndipo amawerenga zimene akufuna."

"N'zoona."

"Inu mwataya mpando umene munali musanaukhalepo. Ine ndikhoza kutaya umene ndakhalapo."

Esinala anafunafuna mawu omutonthoza, koma onse amene anawapeza anali abodza, choncho anangoti, "Akakuitanani, ndidzabwera nanu." Lloyd anavula nsapato, nazimangirira m'khosi, nalowa m'bwato, nakhala kutsogolo atamufulatira Esinala. Njira yonse Esinala ankakapa madzi kumbuyo kwake, Geresomo akupalasa.

Atafika, Lloyd anagwada pa mphasa pamaso pa Glory. Anamugwira dzanja, nalipinda pa chigongono pang'onopang'ono, namva mmene likukanira. Anamuyang'ana lilime, namuyendetsa masitepe angapo atamugwira. Kenako anati, "Mayi, mundikhululukire. Mankhwala ndinakuchulukitsirani, ndipo sindinabwere kudzakuonani." Anachepetsa mlingo, napereka timapiritsi tina, namufotokozera Geresomo zizindikiro zoti akaziona asanenenso kuti ali bwino. Geresomo ankangogwedeza mutu, misozi ili m'maso. Atatha apo, Lloyd ananyamuka kukaona odwala ena, mwini bwato akumutsogolera.

Esinala anatsala ndi Glory. M'chikwama anali ndi fomu yake ya mafunso makumi anayi, imene anaikonza ndi akatswiri, koma anaisiya momwemo. Anatulutsa kope latsopano. M'zaka zinayi anali atawerenga makaundula a zipatala khumi ndi zitatu, koma anali asanakhalepo pa mphasa ya wodwala ngakhale mmodzi.

"Mayi a Chance, ine ntchito yanga ndi kufufuza ngati chipatala chikukuthandizani bwino. Ndiuzeni inuyo. Kuti munene kuti chakuthandizani, pakhale patachitika chiyani?"

Glory anatenga nthawi. Esinala anaona mawu akuvutika kukwera pakhosi, ndipo anadziletsa kumuthandiza. Nkhuku inadutsa pa mphasa. Kuseri kwa nyumba amayi ena ankaseka, akupala nsomba pa thandala.

"Mukuwamva awo?" anatero Glory pomaliza. Anakweza manja ake onjenjemera, nawayang'ana. "Makakana amenewo wagwira ndi mwamuna wanga. Akumutumbulira ndi akazi a eni. Ine ndikufuna mpeni uzikhazikika m'manja mwangamu."

Esinala analemba mawuwo monga anawanenera, pamwamba pa tsamba loyamba, ndipo pansi pake analemba dzina la Glory ndi tsiku.